Funsani Malume: Tinakoka munthu wa windsurfing mpaka kumtunda koma thanga lake linang'ambika, tinalakwitsa pati?

Moni nonse awerengi. Mwezi uno makalata ambiri abwera kuchokera mmbali mwa nyanja ndipo atatu akukamba nkhani imodzimodzi, nde ndangowaika pamodzi. Yoyambayi ndi yaitali koma sindinaidule olo pang'ono, chifukwa mmene mnyamatayu wafotokozera muli zonse zomwe ndikufuna tikambirane.

FUNSO

Malume landirani moni. Ine ndine mnyamata wa ku Senga Bay kuno ku Salima, ndimagwira pa boti la injini la bambo anga aang'ono, timapha usipa usiku ndi ukonde wa chilimira. Mu July muja mwera unavuta masiku atatu osalowa mmadzi, tsiku lachinayi chamadzulo unayamba kugwa nde tinati tiyeni tikayese poti kunyumba kunalibe kanthu komanso ngongole ya petulo imatidikira. Tinanyamuka cha mma 4 koloko. Titangodutsa chilumba cha Namalenje mnzathu wina anaona kanthu kofiira kakuoneka nkubisika, kuoneka nkubisika ndi mafunde, ife timayesa chigubu cha ukonde wa munthu. Kuyandikira tikuona ndi munthu, wakhala pa thabwa lija alendo amaseweretsa ku maloji lokhala ndi thanga lija amati windsurfing, thanga lagona mmadzi iye akukweza manja onse awiri nkutsitsa, kukweza nkutsitsa. Wina mboti anati akutibayibitsa ameneyo tiyeni tizipita kukuda, koma ine mtima unakana ndinauza woyendetsa kuti tikhote.

Anali mlendo, mnyamata wachizungu, akunjenjemera mano akuchita kugundana milomo itasintha mtundu. Anationetsa kampira kena kolumikiza mtengo wa thanga ndi thabwalo kataduka. Chizungu changa nchochepa koma ndinamva kuti wakhala pamenepo maola awiri. Tinamuponyera chingwe cha nayiloni iye nkuchikulunga kudzanja, woyendetsa anapatsa moto injini, basi munthu uja anatsomphoka pathabwa nkugwera mmadzi chingwe chitamusupula chikhatho magazi ali chuchuchu. Tinamukweza mboti. Kenako tinamanga chingwe pa lamba wina wa kumbuyo kwa thabwalo, thanga tinalimangirira pambuyo pake likukhwekhwerezeka mmadzi, injini imalira ndithu koma boti ngati silikusuntha, thabwa likungopita uku ndi uku nkumamira. Titachepetsa moto chingwe chinakhwefuka nkukakulungika ku pulopela, injini pompo kuzima. Tinavutika nacho kuchichotsa mafunde akutimenya mmbali, madzi akulowa anyamata awiri akukapa. Pomwe timafika kumtunda kunali kutada kale thanga litang'ambika pakati.

Tsopano vuto ndi ili Malume. Mlendoyo anathokoza mpaka misozi, koma mwini zipangizozo pa loji inayake anationetsa nkhope yoipa akuti thanga limenelo ndi lodula ndipo taliononga ndife. Bambo aang'ono nawo akwiya akuti petulo watha, ulendo wa usiku wapita padera, siginala, munthu uja amakhala mbwato ndi nyali zoitanira usipa, ndi anyamata onse abwerera chimanjamanja chifukwa cha ine. Ine ndikungodziona wolakwa mbali zonse. Kodi ndinalakwa kukhota? Nanga zikadzachitikanso tizikoka bwanji?

Msodzi wosweka mtima, Senga Bay

YANKHO

Mphwanga, ndiyambe ndi chomwe chikukusowetsa tulocho. Sunalakwe kukhota ayi. Kutambasula manja onse awiri nkumakweza ndi kutsitsa pang'onopang'ono mobwerezabwereza si bayibayi, ndi chizindikiro chomwe oyenda pamadzi dziko lonse anagwirizana kuti chizitanthauza ndili pamavuto bwerani mundithandize, ndipo ndikupempha aliyense amene amalowa panyanja achisunge mmutu. Taganiza komwe mnyamata uja amalowera. Mwera umachokera kummwera chakummawa nkumakankhira chilichonse choyandama kumpoto, ndipo ukangoipitirira nsonga ya Senga Bay gombe limathawira kumadzulo, cha ku Lifuwu mpaka ku Domira Bay uko, kutsogolo kwako kumangotsala madzi okhaokha ndi chilumba cha Mbenji patali. Dzuwa la July limalowa 6 koloko isanakwane. Anthu amakonda kunena kuti nyanja yathu ndi yofunda, zoona nthawi yozizira madzi ake amakhala cha mma digiri 23 kapena 24, koma thupi la munthu ndi 37 ndipo madzi amayamwa kutentha kwa thupi msanga kuposa mpweya, ukaphatikizapo mphepo pa khungu lonyowa zala zimayamba kuuma osathanso kugwira kanthu. Kunjenjemera ndi milomo yomwe unaiona ija chinali chiyambi cha zimenezo. Mwera wa July sitimauderera ife, ndi pa 30 July mu 1946 pomwe Vipya, sitima yachitsulo, inamira kumpoto cha ku Chitimba anthu 145 nkutaya miyoyo. Nde kuli bwanji kathabwa kokhala ndi munthu mmodzi wotopa.

Koma kakokedwe kanu ndi komwe ndikufuna tikonze, ndipo ndikunena izi mtima uli mmwamba chifukwa mmene wafotokozeramu panatsala pang'ono kuti pulopela imudule mlendoyo kapena boti lanu litembenuke nonse muli momwemo.

Choyamba uchidziwe chinthucho. Pali thabwa lomwe eni ake amati bodi, pali mlongoti wotalika pafupifupi mamita 4 ndi theka, pali thanga, pali chogwirira chija chozungulira thanga amati boom, kenako pali kampira kaja anakuonetsa. Masewerowa anatchuka kuchokera ku California kumapeto kwa zaka za mma 1960, anthu awiri Jim Drake ndi Hoyle Schweitzer ndi omwe analembetsa kapangidwe kake, mpaka anadzalowa mu Olympics mu 1984, ndipo nzeru yonse ya chipangizochi yagona pa kampira komweko chifukwa ndi komwe kamalola mlongoti kupendekera mbali iliyonse. Palibe chiwongolero, palibe nkhafi, munthu amakhotetsa bodi popendeketsa thanga basi. Nde kampirako kakaduka, olo akhale katswiri bwanji, watsala pa thabwa wamba lomwe mphepo ikupita nalo komwe ikufuna.

Tsono poyandikira. Thanga likagona mmadzi limagwira madzi ngati nangula pomwe bodi ndi yopepuka mphepo imaikankha, nde kawirikawiri umapeza thanga lili mbali yomwe kukuchokera mphepo bodi ili mbali yomwe mphepo ikulowera, ndipo pakati pakepo pali tizingwe tambiri tomwe sitioneka. Musamulunjike ndi liwiro. Zungulirani patali kaye, mubwere mphuno ya boti italoza komwe kukuchokera mphepo ndi mafunde, moto wochepa kwambiri, kuti mukasiya kupatsa moto mphepo yomweyo ikuimitseni osati ikukankhireni pamwamba pa munthu. Mnyamata mmodzi ntchito yake ikhale yoloza munthuyo ndi chala osamuchotsa diso, chifukwa pa mafunde mutu wa munthu umasowa mkuphethira kwa diso ndipo woyendetsa ali kumbuyo saona zomwe zili pansi pa mphuno. Munthu afikire chapakati kapena chakutsogolo kwa boti, kutali ndi injini. Akangofika poti mutha kumugwira, giya ikhale pa nyutulo, ndipo ngati injini yanu imalira kamodzinkamodzi mukakoka ingoizimitsani. Ndikudziwa injini zina za kugombe nzovuta kuliza ndipo kuizimitsa pakati pa mafunde nkuika moyo pachiswe, ngati yanu ndi yotero isiyeni pa nyutulo koma woyendetsa asachotse dzanja pamenepo ndipo munthu asayandikire kumbuyoko olo pang'ono.

Munthu akwere mboti kaye, zina zonse pambuyo. Apa ndi pomwe munaphonya koyamba, munaganiza zokoka asanakwere. Munthu yemwe wakhala maola awiri akulimbana ndi thanga mmanja mulibe mphamvu, nchifukwa chake anakulunga chingwe kudzanja poopa kuti chimupulumuka, ndipo chingwe chokulunga kudzanja sichimasuka injini ikakoka. Ine chala changa chamkombaphala chakumanzere sichipindika mpaka lero, tinkakoka boti lina lomwe linathera petulo ndili mnyamata ngati iweyo ndipo ndinakulunga chingwe kamodzi kokha, funde linakweza boti lakumbuyolo chingwe nkukungika mwadzidzidzi ndinangomva kuti thobo. Nde ndikamati chingwe chokokera sichikulungidwa kudzanja, mchiuno kapena kumwendo ndikunena zomwe ndikuziona tsiku ndi tsiku ndikamagwira cholembera. Pomukweza awiri amugwire mkhwapa kapena pa malamba a laifu jaketi ngati wavala, ena onse akhale pansi mbali inayo kuti boti lisapendekere, osati aliyense kuthamangira mbali imodzi kukaona.

Tsopano thanga, lomwe lakudanitsa ndi anthu. Thanga lotambasuka silikokedwa mmadzi, zivute zitani. Tawerengera wekha, lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi. Thanga la munthu wamkulu limakhala masikweya mita 5 kapena 6, litangotunga madzi okuya masentimita 10 okha pa masikweya mita 5 ndi malita 500 amenewo, madiramu awiri ndi theka a malita 200 aja, nde iwe ukuwakoka chopingasa ndi injini. Ndi chifukwa chake injini imalira boti osayenda, petulo nkumangopsa, ndipo nsalu ija inapangidwira mphepo osati madzi nde iyenera kung'ambika basi. Chofunika ndi kulipasula. Mumamasula chingwe cha kumapeto kwa boom, nkuchotsa boom pomwe yaluma mlongoti, nkumasula chingwe cha pansi chomwe chimakunga thanga kutsinde la mlongoti, kenako mlongoti umasololoka, yambiri imagawikanso pawiri, thanga nkulikulunga ngati mphasa nkuika mboti. Mwini wake amadziwa zonsezi, olo chizungu chivute amatha kukulozerani ndi manja ali khale mboti atafunda jekete ya mmodzi wa inu. Polinyamula mmadzi musaligwire pakati, gwirani kunsonga kwa mlongoti nkumakweza pang'onopang'ono madzi azitsetsereka okha, kuona maso a nkhono nkudekha, ukalitsomphola limathyoka timitengo tolimbitsa nsalu tija. Ndipo ukalikweza mphepo ikalilowa pansi limatha kukuwombani nkugwetsera wina mmadzi, nde mlongoti uzikhala mbali yomwe kukuchokera mphepo, nsalu izipepera mbali inayo. Mafunde akakula moti simungathe kuchita zonsezi, kapena mdima wagwa, kapena munthu uja akuoneka kuti wafookeratu, lisiyeni thangalo mmadzi momwemo muzipita. Mawa lidzafunidwa ndi eni ake.

Nanga bodi? Apa mphwanga ndikudabwitse, panalibe chifukwa choikokera. Inu a chilimira mumakweza mabwato a siginala pamwamba pa boti tsiku lililonse, bwato lamtengo lomwe anthu angapo amachita kuthandizana. Bodi ya windsurfing munthu mmodzi amainyamula yekha kuchoka nayo ku loji kupita kumadzi. Mukanangoikweza nkuigoneka chopingasa kapena motsata boti, chipsepse chake chapansi chija chitaloza kumwamba poti chimacheka, nkuimanga kuti mphepo isaiulutse, bwenzi mutafika kumtunda dzuwa likadalipo petulo wambiri atatsala.

Koma tinene kuti boti ladzaza malo palibe, mukuyenera kukoka basi. Chingwe chimangidwe kutsogolo, mabodi ophunzirira ambiri ali ndi kabowo kapena kamphete pamphuno kopangira zomwezo, ngati palibe mangani patsinde pomwe pamakhala mlongoti kapena pa lamba wopisamo phazi wa kutsogolo. Inu munamanga kumbuyo nde bodi imayenda chafutambuyo, chipsepse chili kutsogolo chikukhotetsa mbali iyi ndi iyo, nchifukwa chake imavina nkumamira. Ku boti lanu chingwe chisamangidwe pa kona imodzi, chimakukhotetsani, dutsitsani kachingwe kuchokera kona iyi ya kumbuyo kukafika kona inayo kuzungulira kuseri kwa injini ndipo chokokeracho chigwire pakati pake. Chitalike ngati maboti awiri kapena atatu kuti bodi isamakugundeni funde likaikankha. Ngati mungasankhe, chingwe cha buluu chija chogula mmahadiweya chimayandama pomwe cha nayiloni chimamira, ndipo chomira ndi chomwe chimakapeza pulopela. Nayiloni amatamukanso ngati legeni, akaduka amabwerera ndi mphamvu, nde pasakhale munthu wokhala moyang'anizana nacho. Mnyamata mmodzi akhale moyang'ana kumbuyo ulendo wonse mpeni uli pafupi, woyendetsa asanachepetse moto azinena kaye kuti ndikuchepetsa, uyo nkumakoka chingwe chokhwefukacho kulowetsa mboti. Zikanakhala choncho injini yanu sikanazima, ndipo pa nkhani yonse wandiuzayi mphindi zomwe zandiopsa kwambiri ndi zimenezo, boti lopanda injini litapingasa mafunde a mwera anthu awiri akukapa. Liwiro likhale la munthu woyenda mofulumira, osaposa apo. Ndipo si lamulo kuti mumubwezere pa mchenga womwe ananyamukira, pitani pa gombe lapafupi lomwe mafunde akukulolani kufika osawapatsa nthiti za boti, kwinako akayenda pa kabaza.

Kumtunda muvuleni zonyowa, afunde bulangete kapena zitenje, akhale pobisika mphepo, ngati akuyankhula bwinobwino amwe tiyi wa shuga. Mowa ayi, olo wina anene kuti kachasu amatenthetsa, amangokunamiza pakhungu mkati kutentha kukuthawa. Bala la chingwe litsukidwe ndi madzi oyera ndi sopo nkumanga. Ngati anamwa madzi nkumatsokomola, kupuma mobanika kapena kusokonezeka mutu, apite kuchipatala usiku womwewo, kuchokera ku Senga Bay kufika pa boma la Salima ndi makilomita pafupifupi 20 okha. Ndipo ndinene ichi poti ndimachiona mmagombe mwathu, munthu akavuulidwa asakupuma musataye nthawi nkumufinya pamimba kapena kumuzondotsa kuti madzi atuluke. Mugonekeni chagada pamalo olimba, pendeketsani mutu chammbuyo, muuzireni mpweya mkamwa mutatseka mphuno, kenako dinikizani pakati pa chifuwa ka 30 nkuuzira kawiri, ka 30 nkuuzira kawiri, osaleka wina akuthamangira galimoto.

Za ndalama tsopano. Kwa mwini zipangizo uja usapite wekha ndipo usapite ndi mkwiyo, tenga wapampando wa Beach Village Committee, komiti ija yoyang'anira za usodzi pagombe panu, kapena nthumwi ya amfumu, mukakhale pansi. Maganizo anga ndi oti thangalo si mlandu wako. Amene amabwereketsa bodi kwa mlendo nyengo ya mwera ayenera kukhala ndi munthu womuyang'anira kuchokera kumtunda ndi boti loti likamutenge zikavuta, nde ngati mlendo anakhala maola awiri akuyandama kuseri kwa Namalenje popanda womulondola, funso loyamba likupita kwa iwowo. Kupempha kuti akubwezereni petulo si kugulitsa chifundo ayi, ndi chilungamo, ndipo pomwepo mukhoza kupangana kuti azisunga manambala a foni a eni maboti a pagombepo kuti tsiku lina akangoona mlendo wasowa aziimba msanga, petulo nkumabweza iwo. Kwa bambo ako aang'ono pita modzichepetsa, upepese chifukwa cha usiku womwe unatayika ndi anyamata omwe anagona ndi njala, zimenezo nzoona ndipo zimawawa. Koma usapepese chifukwa chokhota. Iwowo ndi munthu wa panyanja, akudziwa kuti tsiku lina injini yawo idzazima pakati pa Mbenji ndi kumtunda ndipo adzafuna boti la wina likhote, mnzako akapsa ndevu mzimire. Ndikukhulupirira mkwiyo wawo ndi wa ngongole ya petulo ija basi, ikabwezedwa uona asintha.

FUNSO

Malume, ine ndine bambo wachikulire wa ku Nkhotakota cha ku Chia, ndili ndi bwato la nkhafi basi injini ndilibe, ndimatchera machera ndekha kapena ndi mdzukulu wanga. Alendo a mathabwa amenewa ndimawaona mwa apo ndi apo. Nditamupeza wina atasowa chochita ndingamuthandize bwanji bwato langa lili laling'ono chonchi?

Agogo a ku Chia

YANKHO

Bambo, zikomo pofunsa zisanachitike. Chachikulu musamulole akwere mbwato lanu. Munthu wamantha amagwira mmphepete nkudzikoka ndi mphamvu zonse, bwato lamtengo limagudubuka nthawi yomweyo nde ovutika mwakhala atatu pamodzi ndi mdzukuluyo. Imani patali pang'ono poti sangakufikireni, mumuyankhule kapena kumulozera ndi manja kuti akhale pabodi yake, chifukwa bodiyo simira, ndi bwato lakenso. Apasule thanga alikulunge aligoneke pabodi motsata utali wake nkuligonera pamwamba chafufumimba, akalephera alitaye. Mponyereni chingwe amange kumphuno kwa bodi, mbali yanu musamange mfundo yakufa, ingochizungulizani pomwe mumamangira bwato nsonga yake mdzukulu aigwire kapena muiponde ndi phazi kuti funde likakukokani molakwika mungochisiya. Iye azithandiza kupalasa ndi manja. Musalimbane ndi mphepo maso ndi maso, mutopa musanafike, dulani chopendekera kulowera kumtunda olo mukatsikire mudzi wachitatu kuchoka kwanu. Mukaona kuti mphepo yakula moti nkhafi sizikuphula kanthu, musadziphe nazo, ngati muli ndi foni imbirani a boti la injini akugombe kwanu inu nkukhala naye pafupi, poti bwato limaoneka patali kusiyana ndi munthu wogona pa thabwa. Foni palibe, ikani chizindikiro mmutu, phiri liti likuyang'anizana ndi mtengo uti, nthawi yanji, mphepo ikulowera kuti, muthamange kumtunda mukaitane a injini.

FUNSO

Malume mwana wanga wamwamuna wa zaka 19 wapeza ganyu pa loji ina ku Senga Bay ndipo akuti akumuphunzitsa windsurfing kuti azidzaphunzitsa alendo. Kusambira amatha koma ine tulo sindikugona. Ndimuletse?

Mayi wa nkhawa, Salima boma

YANKHO

Mayi, nkhawa yanu ndikuimva koma ine sindingati mumuletse, ndi luso lomwe lingamudyetse ndipo ana a mmbali mwa nyanja ndi omwe akuyenera kukhala patsogolo pa ntchito zoterezi. Chomwe mungachite ndi kukhala naye pansi nkumufunsa zinthu zingapo mumve mmene akuyankhira. Mufunseni mphepo yomwe amaiopa kwambiri ndi iti. Akati mwera wayankha theka, mwera umaoneka ndi maso, mafunde ake amaopseza okha ndipo a zanyengo amachenjeza pa wailesi. Yonyenga ndi yochokera kumtunda kulowera pakati pa nyanja, kuno kwathu gombe linayang'ana kummawa nde imeneyo ndi ya kuzambwe, kuphatikizapo kamphepo kaja kamatsika kumtunda mbandakucha. Ukaima pamchenga madzi amaoneka bata ngati mbeseni chifukwa mitengo ndi nyumba zatchinga, ukangolowa mamita mazana angapo imakugwira kumsana, kupita nkosavuta kubwerera nkosatheka kwa wophunzira, thanga likagwa kudzutsa, likagwa kudzutsa mpaka msana ndi manja kutheratu.

Mufunsenso kuti atasowa chochita pakati pa madzi angatani. Akanena kuti ndisambira kupita kumtunda poti ndimatha, pamenepo mumukalipire ndithu monga mayi wake. Mtunda umaoneka pafupi ukakhala pamadzi koma si pafupi, ndipo bodi yopanda munthu mphepo imaithamangitsa kuposa mmene munthu angasambirire, ukaisiya suipezanso. Akhale pabodi, ayambe kupempha thandizo msanga akadali ndi mphamvu komanso kukuwala osati kudikira manyazi athe, akweze ndi kutsitsa manja monga ndafotokozera pamwambapa, ngati mphepo yangoleka akulunge thanga agonere pamwamba azipalasa ndi manja. Laifu jaketi azivala tsiku lililonse olo anzake amuseke, amangirirepo wezulo ya mpira ija ndi kachingwe kena ka mamita angapo kosungira, ndipo asalowe mmadzi popanda munthu kumtunda yemwe akudziwa kuti walowa nthawi yanji ndipo atuluka nthawi yanji. Abwana ake muwafunse mwaulemu ngati ali ndi boti lokatenga munthu, ndi funso loti kholo lili ndi ufulu wofunsa.

Mukapita kukamuona mumuuze akutengereni komwe amasunga zipangizo akuonetseni kampira kolumikiza mlongoti ndi bodi kaja. Mukapinde ndi dzanja lanu mbali zonse mukuyang'anitsitsa, dzuwa la ku Salima limaumitsa mphira ndipo kakayamba kutha kamaonetsa timing'alu tating'ono ngati chidendene cha mchilimwe. Mukationa timeneto mumuuze asakwerepo mpaka asinthe.